Mpendero wa Nsalu Yoyera

Fordsburg, Joni
11 Sepitembala 1994

Amake Sharifa,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inu Mwajuma, mwana wathu Sharifa ndi Amayi anga. Ine ndili bwino, Alihamudulila, kungoti chifuwa cha nyengo yozizira chija chikukana kuchoka. Ntchito ndi yomwe ija, kusoka mayunifomu kuseri kwa shopu ya Mmwenye mpaka maso ataleka kuona bowo la singano.

Kalata yanu ndalandira. Mwati ndalama zomwe munasunga m'chitini kuti tidzagulire makina osokera, lero sizingagule ndi miyendo yomwe ya makinawo. Ndinawerenga kawiri, mutu unandiwawa. Si mlandu wanu. Kwacha yathuyi ikusungunuka ngati sopo woiwalika m'beseni. Kuno nako kubanki sandilandira chifukwa cha mapepala anga, amene sindifuna kuwalongosola m'kalata. M'chipinda timagona anthu asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense amadziwa pamene mnzake wabisa chikwama.

Ndiye ndayamba kugula golide. Musaseke. Pali mdala wina ali ndi shopu ya pinyolo, kumene anthu amasiya mphete ndi matcheni osabweranso kudzaombola. Matcheni oduka amawagulitsa pasikelo. Galamu imodzi, kanthu kolemera ngati nyemba ziwiri, ndi R38. Loweruka ndikalandira, ndimachotsa ya chipinda, ya chakudya ndi yanu, yotsalayo ndimapita nayo kwa mdalayo. Sabata ina ndimagula theka la galamu basi, iye n'kumandiseka kuti wabwera mwini mgodi. Aseke. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo golide sadziwa zoti kwacha yagwa.

Akakwana magalamu makumi atatu ndibwera. Tidzagulitsa, tidzagula makina, tidzapeza khonde paboma, ndipo kuno sindidzapondanso.

Amayi muwauze kuti chipini chawo chagolide sindinaiwale, chija anagulitsa kuti ine ndipeze ya basi. Kodi akuikabe kaudzu pamphuno kuti bowo lisatsekeke? Ndinafunsa mtengo. Chipini n'chodula chifukwa umalipiranso manja a wosula, pamene ndalama yomweyo igula tcheni choduka cholemera kawiri. Ndidzawagulira pomaliza, ndikamabwera.

Mpunga musagulitse wonse, ngakhale ogula akunyengerereni bwanji. Denga la kukhitchini afolere Ismail mvula isanayambe. Koma za golidezi musamuuze. Ndi mng'ono wanga, ndimamukonda, koma chimene wamva m'mawa, masana chafika kale padoko la Chia.

Ndine mwamuna wanu,
Jamali

5 Malichi 1995

Amake Sharifa,

Asalamu alaikum. Idi munadya bwanji? Ine ndinaswali kumzikiti ndi anzanga a kwathu konkuno, kenako tinabwerera kumakina chifukwa Mmwenye anali ndi oda. Moyo ndili nawo, chifuwa chinatha.

Kalata yanu inali ndi minga. Mwati amuna a anzanu akutumiza mawailesi ndi mabulangeti, ine ndikutumiza nkhani za golide amene simunamuone. Mwatinso fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndamva. Koma wailesi imasoka diresi? Amene akukuuzani kumjigo kuti ndatchona ndipo ndakwatira Mzulu, muwafunse ngati mkazi angalole kugona m'chipinda cha amuna asanu ndi mmodzi ndi masokosi awo. Zimandipsetsa mtima kuti inunso mumaima n'kumamvetsera.

Ndikuuzeni chopusa chimene ndinachita, musadzamve kwa ena. Mu Januwale munthu wina anandikokera pambali pasiteshoni, akuti ali ndi mphete ya mkazi wake yemwe akudwala, angofuna R120. Inali yolemera, yonyezimira, mkati yolembedwa 750, nambala imene imasonyeza golide wabwino. Ndinati ndatola. Nditapita nayo kwa mdala uja, anaikhutiza pa kamwala kakuda, n'kudonthezapo mankhwala. Mzerewo unasanduka wobiriwira ngati ndere. Mkuwa. Ndalama za masabata atatu zinapita choncho. Mdalayo sanaseke ulendo uno. Anati wosauka ndiye sayenera kuthamangira zotchipa, chifukwa alibe zoluza kawiri. Anandichenjezanso za fumbi la golide limene anyamata a kumigodi amagulitsa mobisa, kuti ukapezeka nalo ndi ndende. Tsopano ndimagula kwa iye yekha, sikelo ndikuiona ndi maso anga.

Afika magalamu khumi ndi imodzi. Ndinawasokera m'chiuno mwa buluku lomwe ndimavala. Ndikudziwa kuti ife amuna chipembedzo sichitilola kuvala golide, koma ndinadziuza kuti kuvala ndi kunyamula n'zosiyana. Shehe sindinawafunse, kuopa yankho.

Mwati miyendo ya Amayi yayamba kutupa. Apiteni nawo kuchipatala cha boma akawaone, ndaikamo R50 m'kalata muno pakati pa pepala lakuda. Asamapitenso kumunda wa chinangwa, ngakhale akalipe. Sharifa asajombe kusukulu, poti tsopano ndi yaulere palibe chonamizira.

Inunso chipini chanu cha chitsulo cha mphika chija ndimachikumbukira. Dekhani, nthawi yake ifika.

Jamali

19 Novembala 1995

Amake Sharifa,

Asalamu alaikum. Ndili bwino. Kalatayi ndapatsira Raston, uja amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi kwathu, ndiye ndilemba mwachidule.

M'chipinda tatsala asanu. Kunabwera alendo ofunsa mapepala Lachitatu m'mawa tisanapite kuntchito. Ine ndinali kuchimbudzi cha kuseri, ndipo ndinakhala momwemo mpaka galimoto itachoka. James wa ku Dwambazi anapita nawo, atavala kabudula yekha. Zake zonse zimene anasunga zaka zinayi sitikudziwa kumene zili. Akafika kumeneko musamufunse zambiri.

Katundu ndi uyu: sopo mitanda inayi, nsapato za Sharifa, bulangeti la Amayi, chitenje chanu chimodzi, ndi nsalu yoyera mamita asanu ndi limodzi. Muwerenge Raston ali pomwepo.

Nsalu yoyerayo ndi ya kanzu, mkanjo wanga wa Idi yaikulu, pakuti Inshallah Idi imeneyo ndidzaswali kwathu. Ndidzasoka ndekha. Musaichape, musaidule, musabwereke munthu. Muiike pansi penipeni pa sutikesi, kiyi muzikhala naye inu. Ndaipendera nsonga zonse ziwiri kuti isayoyoke, mpendero wake musaukhudze.

Mwati Amayi akupuma movutikira ndipo mukufuna kupita nawo kuchipatala cholipira. Ndamva, ndikuganizira. Pakali pano apitirize mapiritsi omwe anawapatsa. Za nkhani ija ya Loweruka ndilemba pa positi.

Raston, ngati ukuwerenga kalatayi monga umachitira ndi za anzanga, umate bwino ukamaliza.

Jamali

10 Disembala 1995

Amake Sharifa,

Asalamu alaikum. Ndili bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa ntchito yachuluka, masukulu a kuno amatsegulira mu Januwale ndiye mayunifomu ali mulu. Iyi ndatumiza pa positi, kudzera pa bokosi la sukulu monga kale. Muwerenge muli nokha, mukatha muitenthe.

Golide yense ali m'nsalu yoyera ija. Magalamu makumi awiri ndi asanu ndi awiri, matcheni oduka khumi ndi anayi. Chilichonse ndinachikulunga m'thonje, n'kuchilowetsa mu mpendero, asanu ndi awiri nsonga ino, asanu ndi awiri nsonga inayo. Ndinapinda katatu n'kusoka mizere iwiri, moti wogwira angoti muli chingwe. Zitachitika za James zija ndinaona kuti buluku langa si malo. Tsiku lina adzandinyamula ine, ndipo buluku adzandivula asanandifunse dzina. Raston sindikanamuuza, ndipo pamalire munthu sayang'ana kawiri nsalu yoyera.

Ndiye muli nacho chuma m'nyumba, Amake Sharifa, inu amene munkati ndi fodya wa pachala. Mukafuna kukhulupirira, tsekani chitseko, mugwire mpenderowo ndi zala ziwiri. Musamasule.

Atsala magalamu atatu ndi chipini cha Amayi. Ndachiona kale, chili ndi kamaluwa pakati, mdala wavomera kundisungira mpaka Malichi. Mu Epulo ndinyamuka. Muyambe kufunsafunsa za khonde paboma, makamaka mbali ya kumsika, koma mofunsa ngati n'za munthu wina.

Za Amayi zikundisowetsa mtendere. Ngati matenda akula, masulani nsonga imodzi mutenge tcheni chimodzi, chachifupi, mupite nacho kwa amwenye ku Lilongwe. Asakupatseni zosakwana K250. Mukatero mupite nawo kuchipatala cholipira chija. Chimodzi chokha, ndipo pokhapokha zitavuta.

Jamali

21 Januwale 1996

Amake Sharifa,

Asalamu alaikum. Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Raston wafika dzana, wandiuza ali chiimire pakhomo pa shopu, ine ndili ndi sizasi m'manja. Amayi anga anaikidwa pa 5 Januwale, ine masabata awiri onsewa ndakhala ndikudya, kuseka, kusoka mabuluku a ana a eni ake. Mtima wanga ukuwawa, sindibisa. Mwana wawo woyamba sindinagwire jeneza lonyamulira mtembo wawo, sindinaponye ndi dothi lomwe. Anzanga a kuno tinasonkhana kumzikiti, tinawachitira duwa, kuwapempherera kwa Allah.

Zikomo chifukwa chowasamala. Raston akuti masiku omalizawo munkagona pamphasa pambali pawo, ndipo madzi ankamwa m'manja mwanu. Allah akulipireni, ine sindingathe. Ndaikamo R200 ya sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi. Mpunga ugwiritsidwe wathu womwewo, mbuzi asankhe Ismail koma ndalama mugwire inu.

Tsopano ndifunse. Kodi kalata yanga ya pa 10 Disembala inafika? Raston akuti simunatchule kalata iliyonse.

Akutinso tsiku la maliro mvula inadula msewu, galimoto sizinkapita kuboma, komabe Amayi anapita atakulungidwa m'sanda yabwino kwambiri, yoyera mbee, moti amayi osambitsa maliro ankaiyamikira. Ndakondwa kumva zimenezo. Koma inachokera kuti, poti kuboma kunali kosafikika? Anagula ndani? Ndikufuna ndimuthokoze munthuyo, ndimubwezerenso ndalama yake.

Nsalu yanga ija ili m'sutikesi? Mungoyang'ana, n'kundiyankha tsiku lomwelo. Musadikire Raston, tumizani pa positi yachangu ngakhale idule.

Jamali

25 Febuluwale 1996

Mwajuma,

Asalamu alaikum. Za moyo musafunse, ndikupuma.

Kalata yanu yafika. Mwati yanga ya Disembala inagona m'bokosi la sukulu tchuthi chonse, ndipo aphunzitsi anakupatsani pa 24 Januwale. Mwati tsiku la maliro nsalu yoyera inasowa mudzi wonse, dzuwa likupendeka, amuna atamaliza kale kukumba, ndiye munatsegula sutikesi. Munaganiza kuti poti mwana wawo kulibe, bola apite ndi nsalu yake. Mwati amayi osambitsa anang'amba mipendero iwiri ija n'kunena kuti ndi yolimba bwino, wina anamangira kumutu, wina kumapazi.

Kodi ndinalemba m'Chizulu? Musaichape, musaidule, musabwereke munthu. Ndi mawu ati amene anali ovuta pamenepo? Chaka ndi theka ndakhala ndikudya buledi ndi madzi a shuga. Nsapato yanga ndi yomwe ndinachoka nayo kwathu. Ndakhala m'chimbudzi maola awiri ngati khoswe, apolisi akugubuduza mabedi. Zonsezo mwazikwirira tsiku limodzi. Kale ankatiimbira pawailesi kuti chuma chili m'nthaka. Lero ndavomera, changa chili momwemo, pansi pa mango a kumanda a kwathu.

Ndani wina akudziwa? Mwati kalata ija munawerenga nokha n'kuitentha. Zikhale choncho. Ismail asamve, mayi anu asamve, Sharifa asamve. Mawu amenewa akangofika padoko, sipatha sabata manda a Amayi asanafukulidwe ndi anthu amene sadzabwezeretsa n'dothi lomwe. Kumandako musamayang'aneko kawirikawiri, anthu amaona.

Ndinawafunsa shehe wa kuno, monena ngati zachitikira munthu wina. Anati kufukula manda ndi chinthu cholemera kwambiri, koma alipo mabuku amene amalola ngati chinthu chamtengo chakwiririka molakwitsa ndipo mwini wake akuchifuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati munthu winayo aganize bwino.

Ndikuganiza. Mipendero ili kumutu ndi kumapazi, sanda siyofunika kuitsegula. Anthu awiri ndi khasu, ntchito ya ola limodzi. Mu Epulo ndikhoza kubwera ndithu monga ndinanenera. Sindinatsimikize, koma musadabwe.

Jamali

12 Meyi 1996

Amake Sharifa,

Asalamu alaikum. Muli bwanji inu ndi Sharifa? Ine ndili bwino. Idi yaikulu yandipeza konkuno, ndinaswali ndi kanzu yakale ija, ndinangoisinthira kolala.

Miyezi iwiri munakhala chete. Lachisanu lililonse ndinkafunsa kwa Mmwenye ngati kwabwera kalata, mpaka anayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Kenako Raston wabwera ndi kapepala kanu, mizere itatu. Ndakaloweza. “Raston munamuopa, Ismail munamuopa. Nanga ine munandiopa chiyani masabata atatu, kuchokera pa katundu kufika pa kalata? Mukabwera ndi khasu mudzandipeza kwathu.”

Ndinafuna kuyankha kuti ntchito inachuluka, monga ndinalembera. Ndinayamba kalata yotero kawiri, kawiri konse ndinang'amba. Linali bodza. Kalata ija ndikanailemba tsiku lomwe Raston ananyamuka, ikanakupezani sukulu isanatseke. Sindinalembe chifukwa ndimakudziwani. Munali mutandiuza kale kuti Amayi akupuma movutikira, ndipo ndinadziwa kuti mukangomva zimene zili mu mpendero, mumasula tsiku lomwelo n'kupita nawo kuchipatala cholipira, tcheni chimodzi, kenako chachiwiri, kenako chachitatu. Ndinkafuna magalamu anga akwane. Ndinati adikire pang'ono, monga ndinanenera za chipini chawo. Pamene mtima unanditsutsa n'kulemba, nthawi inali itatha. Kaya akanachira kaya ayi, adziwa ndi Allah, koma amene anawamana mwayiwo ndine. Ndiye ndinatenga manyazi angawo n'kukukalipirani nawo inu. Ndikhululukireni, Mwajuma.

Khasu sindibwera nalo. Shehe ndawauza kuti munthu uja ndi ine, iwo anati ankadziwa. Amayi anachoka ndi kaudzu pamphuno akudikira golide wanga. Akhale naye yense. Nkhaniyi ithere pa ife awiri, ndipo manda awo aziwalambula ngati a wina aliyense.

Chinthu chimodzi ndimafuna kudziwa, ngati mungathe kundiuza. Powasambitsa, kaudzu kaja anachotsa ndani?

Kubwera kwanga kwasunthira kutsogolo, sindinena mwezi kuopa kunamanso. Mmwenye wandiwonjezera R15 pasabata. M'chipinda tabwereranso asanu ndi mmodzi, ndipo alendo aja anadutsa mumsewu wathu kawiri mwezi uno. Zikandigwera mudzamva kwa Raston. Za khonde musiye kaye kufunsa. Mpunga mukakolola, matumba awiri agulitsidwe, Sharifa mumugulire yunifomu ndi juzi, ndipo ngati wina wa inu wadwala musadikire kalata yanga.

Dzulo ndinapita kwa mdala wa pinyolo. Ndinamubwezera magalamu awiri amene ndinagula chichokereni nsalu ija, n'kuwonjezera ya sabata ino, iye anandipatsa chipini cha kamaluwa chija, poti anali atandisungirabe. Anandikumbutsa kuti ndikuluza, chifukwa theka la mtengo wake ndi manja a wosula. Ndinati ndikudziwa. Chili m'kabokosi ka machesi, m'thumba la sopo, ndipo Raston ndamuuza chimene chilimo, ndamuonetsanso.

N'chanu. Cha chitsulo cha mphika chija muchotse, muvale ichi tsiku lomwe Raston afike, mupite nacho kumjigo. Musachiike m'sutikesi.

Ndine mwamuna wanu,
Jamali